Ayn Hawd: Mudzi Umene Udasoŵa pa Mapu

Nkhani ya sabata ino ikuchokera kutali, ku gombe la kum'maŵa kwa nyanja ya Mediterranean. Omvera amene amaŵerenga Baibulo akulidziŵa phiri la Carmel, lija limalembedwa kuti Karimeli, pamene mneneri Eliya adapikisana ndi aneneri a Baala. Phirilo likadalipo, ndipo kumapeto kwake chakumpoto kuli mzinda wa Haifa, doko lalikulu la dziko la Israel. Munthu akatuluka mu Haifa nayenda mtunda wa makilomita ngati 15 chakumwera, amafika pa msewu wokwera m'phirimo. Kumeneko kuli midzi iŵiri ya mayina ofanana ngati mapasa. Wam'munsi ndi Ein Hod, mudzi wa nyumba zakale zamiyala, ndipo mumakhala Ayuda, ambiri a iwo amisiri ojambula zithunzi ndi osema ziboliboli. Wakumtunda ndi Ayn Hawd, kamudzi ka Aluya achisilamu pafupifupi 300, a fuko limodzi. Nyumba zamiyala za m'mudzi wam'munsiwo adamanga ndi makolo a anthu a kumtunda.

Dzina lakale ndi Ayn Hawd. M'Chiarabu "ayn" ndi kasupe, ndipo "hawd" ndi chomwera ziŵeto, chija amachisema pa mwala kapena kuchimanga pafupi ndi madzi kuti mbuzi ndi ng'ombe zizimweramo. Ndi dzina la alimi, lopanda zokometsera. Dzina lakuti Ein Hod ndi la Chiheberi, lidaperekedwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo limatanthauza kasupe wa ulemerero.

Pofuna kutsata mbiri ya mudzi waung'ono chotere, funso lothandiza ndi lakuti: kodi mudali anthu angati, nanga adawaŵerenga ndani? Kamudzi sikakhala ndi alembi ake a mbiri. Kamaonekera m'mabuku pokhapokha boma likafuna msonkho, asilikali kapena malo.

Anthu a ku Ayn Hawd ndi a fuko la Abu al-Hayja. Mbiri imene makolo awo akhala akusiyirana pakamwa imati kholo lawo lidali Husam al-Din Abu al-Hayja, mmodzi wa akulu a nkhondo a mfumu Salah al-Din, imene Azungu amaitcha Saladin. Mu 1187 Saladin adagonjetsa ankhondo achikhristu a ku Ulaya, aja ankatchedwa ankhondo a mtanda, pa nkhondo ya ku Hattin, ndipo m'chaka chomwecho adalanda Jerusalem. Akuti pothokoza msilikali wakeyo, mfumu idagaŵira iye ndi ana ake malo m'madera angapo a kumpoto kwa Palestine, ndipo Ayn Hawd adali amodzi mwa malowo. Mkulu wa nkhondo wa dzina limeneli adalikodi. Mabuku a nthaŵi imeneyo amamutchula monga mtsogoleri wa asilikali amene ankateteza mzinda wa Acre, amanena kuti adali wa mtundu wa Akurdi monga Saladin mwini wake, ndiponso kuti ankadziŵika ndi dzina lina lakuti al-Samin, ndiko kuti Wonenepa. Za kugaŵidwa kwa malo zimachokera kwa akuluakulu a fukolo, ndipo ziyenera kumveka monga mwambo wa banja. Komabe mwambowo ndi wamoyo: ku Galilee kuli mudzi wina wa fuko lomweli, Kawkab Abu al-Hija, kumene kuli manda amene anthu amawalemekeza kuti ndi a kholo lawolo.

Chiŵerengero chakale chimene akatswiri amachitchula ndi cha mu 1596. Pa nthaŵiyo dziko la Palestine lidali pansi pa ufumu wa Aturuki wotchedwa Ottoman, umene udalanda dzikolo mu 1516 ndi kulilamula zaka mazana anayi. Alembi a msonkho a ufumuwo adapeza mabanja 8 okha ku Ayn Hawd, onse achisilamu. Iwo sankaŵerenga mitu ya anthu, ankaŵerenga mabanja okhoma msonkho, ndipo akatswiri a mbiri a masiku ano ndiwo adaŵerengera kuti mabanja 8 amenewo adali anthu ngati 44. Bukulo lidalembanso zinthu zimene ankakhomerapo msonkho: tirigu, barele, mbuzi ndi ming'oma ya njuchi. Omvera asunge mawu akuti mbuzi, pakuti mbuzizo zidzabweranso m'nkhaniyi.

Angerezi amene adayeza dziko la Palestine m'zaka za m'ma 1870 adalemba kuti mu 1859 m'mudzimo mudali anthu 50. Kuchoka pa 44 kufika pa 50 m'zaka zoposa 260! Zifukwa zina n'zodziŵika. Ana ambiri ankamwalira akadali makanda, m'madambo a m'mphepete mwa nyanja mudali malungo, ndipo miliri ya kolera inkadza nthaŵi ndi nthaŵi. Koma chiŵerengero cha masiku amenewo sichiyenera kumezedwa chamtunthu. Mlimi wa pansi pa Aturuki ankadziŵa kuti dzina likaloŵa m'buku la boma, pambuyo pake pamadza msonkho, kapena mwana wamwamuna amatengedwa ku usilikali, choncho alembi akafika anthu ena ankazimiririka. Chodziŵika n'chakuti mu 1888 ku Ayn Hawd kudatsegulidwa sukulu ya anyamata, ndipo sukulu siyimangidwa pamene palibe ana.

Aturuki adagonja pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo Angerezi adaloŵa mu Haifa mu 1918. Iwo ndiwo adachita kalembera weniweni, woŵerenga munthu mmodzimmodzi. Mu 1922 adapeza anthu 350. Mu 1931 adapeza anthu 459 okhala m'nyumba 81, kutanthauza anthu 5 kapena 6 pa nyumba iliyonse. Mu 1945 boma lidaŵerengera kuti anthu afika 650, ndipo malo onse a mudziwo, minda pamodzi ndi mabusa, adali madunamu 12,605 pa muyeso wa kumeneko, ndiko kuti maekala oposa pang'ono 3,000. M'zaka 23 zokha anthu adachuluka pafupifupi kaŵiri. Imfa za ana zidachepa, usilikali wokakamiza udatha, ndipo mzinda wa Haifa unkakula, makamaka doko lake latsopano litatsegulidwa mu 1933. Kumeneko kudali msika wa zokolola ndi ntchito za malipiro.

Anthu ambiri akamva za Aluya amaganiza za amalonda a m'ngalaŵa kapena eni chuma cha mafuta. Aluya a ku Ayn Hawd adali alimi wamba. Ankalima tirigu ndi barele, ankasamala mitengo ya azitona ndi kuyenga mafuta ake, ankatchola zipatso za mtengo wa karobu, wobala nyemba zazitali zotsekemera, ndipo ankaŵeta mbuzi m'phiri. Nyumba zawo zidali zamiyala, za makoma ochindikala, zoyang'ana kunyanja, ndipo pakati pa mudzi padali mzikiti.

Pa 29 Novembala 1947 bungwe la United Nations lidavomereza kuti Palestine agaŵidwe paŵiri, dziko la Ayuda ndi dziko la Aluya. Atsogoleri a Ayuda adavomera, atsogoleri a Aluya adakana, ndipo nkhondo idabuka. Mzinda wa Haifa udagwa m'manja mwa ankhondo achiyuda mu Epulo 1948, ndipo Aluya ambiri a mumzindamo adathaŵa. Pa 14 Meyi dziko la Israel lidakhazikitsidwa, kenaka mayiko a Aluya oyandikana nalo adaloŵa m'nkhondomo. Midzi ya m'mbali mwa Carmel idakana kugonja kwa masabata angapo, koma pakati pa mwezi wa Julaye 1948 asilikali a Israel adalanda Ayn Hawd ndipo mudziwo udatsala wopanda munthu. Aisrael amatcha nkhondo imeneyi nkhondo ya ufulu wawo. Apalestina amaitcha Nakba, kutanthauza tsoka lalikulu, chifukwa anthu awo oposa 700,000 adachoka m'midzi ndi m'mizinda yawo. Akatswiri a mbiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri kuti ndi angati adathaŵa ndi mantha ndipo ndi angati adathamangitsidwa, pakuti zidali zosiyana mudzi ndi mudzi. Chimene palibe amachitsutsa n'chakuti nkhondo itatha, boma latsopano silidawalole kubwerera.

Ambiri a anthu a ku Ayn Hawd adaloŵera ku Jenin, kumene msasa wa othaŵa kwawo udamangidwa mu 1953, ndipo ena adaoloka mtsinje wa Jordan kukafika ku Irbid. Koma kagulu ka anthu ngati 35 sikadapite kutali. Mtsogoleri wawo adali Muhammad Mahmud Abu al-Hayja, amene ankadziŵika ndi dzina lakuti Abu Hilmi. Atakanizidwa kuloŵa m'nyumba zawo, iye adatenga banja lake nakwera nalo m'phiri, mtunda wosakwana makilomita aŵiri, pa malo pamene ankadyetsapo ziŵeto. Pamenepo adamanga timisasa, kenaka nyumba zadothi, kenaka nyumba zenizeni. Paja akuluakulu adati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Anthu ameneŵa adasankha thengo, koma thengo lake lidali loyang'anizana ndi khomo la kwawo.

Funso limene aliyense angafunse ndi lakuti, ngati anthuwo adali pafupi chomwecho, ndipo pambuyo pake adakhala nzika za Israel, chidawaletsa n'chiyani kutsika ndi kukatsegula zitseko zawo? Yankho lili m'lamulo la mu 1950 lonena za katundu wa anthu osoŵa. Lamulolo lidati munthu amene adachoka pa malo ake nthaŵi ya nkhondo, napita kunja kwa dziko kapena ku dera limene lidali m'manja mwa adani a Israel, ndi wosoŵa, ndipo nyumba yake ndi munda wake zikhala m'manja mwa msungi woikidwa ndi boma. M'kachitidwe kake lamuloli lidagwira ngakhale anthu amene sadatuluke m'malire a dziko latsopanolo. Anthu otere adapatsidwa dzina lodabwitsa: osoŵa amene alipo. Munthuyo alipo, amavota, amakhoma msonkho, koma pa nkhani ya nyumba ya atate ake, buku limati kulibe. Kuwonjezera apo, mpaka mu 1966 madera ambiri a Aluya a mu Israel adali pansi pa ulamuliro wa asilikali, ndipo munthu sankayenda ulendo popanda chilolezo.

M'mudzi wakale uja boma lidayamba laikamo Ayuda ochokera ku Tunisia ndi Algeria mu 1949, koma iwo sadakhalitse. Pa malo ena a mudziwo padamangidwa mudzi wa Ayuda opembedza wotchedwa Nir Etzion mu 1950. Ena mwa amene adaumanga adali opulumuka ku midzi ya Etzion, kumwera kwa Jerusalem, imene idagwa m'manja mwa ankhondo a Aluya mu Meyi 1948, ndipo ena adali opulumuka ku nkhanza za Hitler. Nawonso adali anthu otaya kwawo ndi oika maliro ambiri.

Kenaka kudadza Marcel Janco. Iyeyu adabadwira ku Bucharest m'dziko la Romania mu 1895, ndipo adali mmodzi wa amisiri amene adayambitsa gulu la zaluso lotchedwa Dada ku Zurich mu 1916, gulu lonyoza nkhondo ndi miyambo yakale ya kajambulidwe. Mu 1941, Ayuda ataphedwa mwankhanza ku Bucharest, iye adathaŵira ku Palestine. Ataona nyumba za ku Ayn Hawd adazikonda, ndipo adapempha boma kuti zisagwetsedwe. Mu 1953 adasamukirako ndi anzake ojambula, osema ndi oumba, ndipo mudziwo udasanduka mudzi wa amisiri pansi pa dzina latsopano lija.

Pamenepa nkhani imavuta kuweruza. Midzi ya Aluya yoposa 400 idatsala yopanda anthu mu 1948, ndipo yambiri idagumulidwa kotero kuti lero pamaoneka miyala yomwazika ndi mipanda ya zomera zaminga. Ayn Hawd ndi umodzi mwa midzi yoŵerengeka imene nyumba zake zidaimabe, ndipo ulemu wa chimenechi ndi wa Janco. Koma chimene adapulumutsa ndi miyala. Alendo ankadza kudzasirira makoma ndi mazenera opindika pamwamba ngati kuti zidamera zokha m'phirimo, pamene amisiri amene adazimanga ankaziyang'ana ali pa chitunda cha patsidya. Mzikiti wa mudziwo udasandutsidwa malo odyera ndi omwera. Ndipo popeza anthu a kumtunda ankafuna ntchito, amuna ena ankatsika kudzagwira ganyu ya kumanga ndi ya m'dimba, nthaŵi zina pa nyumba imene atate awo adabadwiramo. Janco adamwalira mu 1984, patangopita chaka chimodzi nyumba yosungiramo ntchito zake itatsegulidwa m'mudzimo.

Kumtunda kuja anthu ankabadwa ndi kukwatira monga kwina kulikonse, koma mudzi wawo sudali m'buku lililonse la boma. Mu 1965 kudakhazikitsidwa lamulo la mapulani ndi zomangamanga, limene lidagaŵa malo onse a dziko: aŵa okhalamo anthu, aŵa olima, aŵa a nkhalango. Midzi yambiri ing'onoing'ono ya Aluya sidalembedwe pa mapulaniwo, ndipo malo ake adalembedwa kuti ndi olima kapena a nkhalango. Zotsatira zake zidalumikizana ngati unyolo. Pa malo olima munthu sangapeze chilolezo chomangira nyumba. Nyumba yopanda chilolezo ndi yoswa lamulo, ndipo ingathe kugwetsedwa. Nyumba yoswa lamulo siilumikizidwa ku magetsi, ku mipope ya boma kapena ku lamya. Mudzi wosalembedwa sukhala m'ndondomeko ya ndalama za msewu kapena chipatala. Mwana akakula nafuna kukwatira, kuwonjezera chipinda chimodzi kudali mlandu. Kotero kwa zaka zoposa 50 anthu a ku Ayn Hawd watsopano ankaunikira nyali ndi majenereta, pamene magetsi ankawala m'midzi yoyandikana nawo. Msewu wawo udali wafumbi ndi miyala, ndipo madzi ankawapeza kudzera mu paipi wochokera ku Nir Etzion.

Ndipo tsopano mbuzi zija. M'mapiri a Carmel mudabzalidwa mitengo yambiri ya paini, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 dera lozungulira mudziwo lidasanduka nkhalango yotetezedwa ya boma. Padali kale lamulo la mu 1950 lochepetsa kuŵeta mbuzi, limene anthu ankalitcha lamulo la mbuzi yakuda, chifukwa akuluakulu a zankhalango ankakhulupirira kuti mbuzi zimawononga mitengo ing'onoing'ono. M'zaka za m'ma 1970 lamulolo lidayamba kutsatidwa mwamphamvu, ndipo uŵeti umene udalembedwa m'buku la msonkho la mu 1596 udafota. Anthu amene adali alimi ndi abusa adasanduka antchito a malipiro. Abu Hilmi adamwalira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, mudzi wake usadalembedwe.

Amene adasintha zinthu ndi mbadwo wa zidzukulu, umene udaphunzira Chiheberi ndi kudziŵa kaŵerengedwe ka malamulo. Mu 1986 komiti ya boma yofufuza za nyumba zopanda chilolezo m'midzi ya Aluya idalimbikitsa kuti zambiri zigwetsedwe, ndipo mantha adakula. Mu 1988 mdzukulu wa Abu Hilmi, Muhammad Abu al-Hayja, pamodzi ndi anthu a m'midzi ina yosalembedwa ndiponso Ayuda ena amene adawamvera chisoni, adakhazikitsa bungwe lotchedwa Association of Forty, ndiko kuti Bungwe la Makumi Anayi. Njira yawo idali yanzeru. Popeza boma linkati midziyo kulibe, iwo adaiŵerenga okha: adayenda mudzi ndi mudzi, adalemba nyumba ndi anthu, adalemba ntchito akatswiri oyeza malo, ndipo adapereka ku boma mapulani awoawo osonyeza mmene midziyo ingalembedwere.

Boma la Yitzhak Rabin, limene lidaloŵa mu 1992, lidavomera kuzindikira midzi ingapo, ndipo Ayn Hawd udali umodzi mwa iyo. Koma paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Kuchokera pa lonjezo kufika pa mapulani osainidwa padapita zaka zoposa khumi, ndipo kuzindikiridwa kwathunthu kudadza mu 2005. Mudziwo udaloŵa m'khonsolo ya dera la Hof HaCarmel, imodzimodziyo imene muli Ein Hod ndi Nir Etzion. Magetsi adafika m'nyumba zoyamba mu 2007, patapita zaka 59 chichokere m'mudzi wakale. Malo amene adapatsidwa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi maekala 3,000 aja, ndipo nkhalango idawazinga mbali zonse. Ku chipululu cha Negev, kumwera kwa dzikolo, midzi makumi angapo ya Aluya oŵeta ziŵeto ikudikirabe kulembedwa.

Mu Disembala 2010 moto woopsa udabuka pa phiri la Carmel, udapha anthu 44 ndi kutentha nkhalango yaikulu pamodzi ndi nyumba zina za mu Ein Hod. Paini amayaka msanga, ndipo pansi pake padali tchire ndi udzu wouma zimene kale mbuzi zinkadya. Akatswiri a zankhalango adayamba kunena poyera kuti kuchotsa mbuzi m'phiri kudali kulakwa, ndipo patapita zaka zingapo lamulo la mbuzi yakuda lidafafanizidwa. Koma pofika nthaŵiyo abusa ambiri adali atakalamba, ndipo ana awo adali ataphunzira ntchito zina.

Chiŵerengero cha anthu pafupifupi 300 chimene chili m'mabuku a boma la Israel lero ndi cha mbumba ya anthu 35 aja. Mbumba ya ena onse, amene adali oposa 600 mu 1948, siiŵerengedwa pansi pa dzina la mudziwo m'kalembera aliyense. Ambiri a iwo adalembedwa m'mabuku a UNRWA, nthambi ya United Nations yosamala Apalestina othaŵa kwawo, imene idakhazikitsidwa mu 1949. Ku Irbid ndi ku Jenin dzina la Abu al-Hayja ndi lodziŵika, ndipo ana obadwira kumeneko akafunsidwa kwawo amatchulabe mudzi wa pa phiri la Carmel. Msasa wa ku Jenin udagumulidwa mbali yaikulu pa nkhondo ya mu Epulo 2002, udamangidwanso, ndipo kuchiyambi kwa 2025 asilikali a Israel ataloŵamo, anthu ake adasamukanso.